Chinkhoswe, ndowa, tchalitchi ndi kwa DC: kodi ukwati umamangidwa pati?

Nyengo ya maukwati ikafika, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala pamene anthu akolola ndipo mvula isanayambe, mabanja ambiri a ku Mangochi amakumana ndi funso looneka lapafupi koma logawa anthu: kodi ana athuwa adzatchedwa okwatirana kuyambira tsiku liti? Akuluakulu ena amati zonse zimathera pa chinkhoswe. Achinyamata ambiri amaona chinkhoswe ngati kutomerana chabe, ndipo kwa iwo ukwati ndi tsiku la diresi loyera. Asilamu amaloza ku ndowa, ukwati wa chipembedzo chawo, pamene amene adapitako ku ofesi kukatsata ndalama za malemu amuna awo amadziwa kuti kumeneko choyamba kufunsidwa ndi pepala. Chisokonezochi chimapweteka anthu, chifukwa ndalama ndi mphamvu zambiri zimathera pa phwando, koma banja likagwedezeka kapena mmodzi akamwalira, mafunso amene amafunsidwa amakhala okhudza ankhoswe, mboni ndi kalembera.

Boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018. Ambiri mwa iwo ndi Ayao ndipo ndi Asilamu, komanso kuli Anyanja ndi Achewa m'mbali mwa nyanja cha kwa Nankumba, Alomwe, ndi anthu ochokera m'zigawo zonse amene adabwera kudzagwira ntchito kapena kudzachita malonda a nsomba. N'chifukwa chake kuno si zachilendo kuti ukwati umodzi udutse m'manja mwa ankhoswe, a shehe kapena abusa, ndi a boma.

Zimene lamulo limavomereza

Lamulo loyendetsa nkhani za maukwati m'Malawi ndi limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act. Lamuloli limazindikira mitundu inayi ya ukwati: womangidwa ku boma pamaso pa mlembi wa maukwati, wa chikhalidwe, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali ngati mwamuna ndi mkazi wake popanda mwambo uliwonse. Mfundo imene anthu ambiri saidziwa ndi yakuti mitundu yonseyi ili ndi mphamvu yofanana pamaso pa lamulo. Mkazi wokwatiwa pa chinkhoswe kwa Jalasi ndi mkazi wa mwini mofanana ndi mnzake amene adasayina m'buku ku ofesi ya DC, bwanamkubwa wa boma.

Pali zinthu ziwiri zimene mtundu uliwonse wa ukwati suyenera kudumpha. Choyamba ndi msinkhu: onse awiri akhale atakwanitsa zaka 18. Lamulo la 2015 lidanena zimenezi, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti mpata umene udalipo, wolola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, utsekedwe. Chachiwiri ndi kufuna kwa eni ake, pakuti gawo 22 la malamulo aakuluwo limaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja. Malume, shehe, mbusa kapena mfumu alibe mphamvu yovomera m'malo mwa mtsikana amene iye mwini sakufuna.

Mtundu wachinayi uja, wa ongokhalira limodzi popanda mwambo, ndi umene umamvedwa molakwika kawirikawiri. Anthu amati mukangokhala limodzi miyezi ingapo ndiye kuti boma lakukwatitsani, koma lamulo silitero. Ndi khoti lokha limene lingagamule kuti ukwati wotere ulipo, ndipo limayang'ana ngati awiriwo akhala limodzi zaka zosachepera 5, ngati akhala akuthandizana pa chuma, ngati ali ndi ana, ndi mmene anthu owazungulira amawaonera. Munthu wodalira njira imeneyi amayenera kuyamba watsimikizira khoti kuti adali pa banja asanapemphe china chilichonse, ndipo nthawi zambiri amachita zimenezi ali m'chisoni cha maliro kapena m'kati mwa mkangano.

Chinkhoswe ndi ntchito ya ankhoswe

Pa mwambo wa Achewa, Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ukwati ndi pangano la mabanja awiri, ndipo amene amanyamula panganolo ndi ankhoswe. Mnyamata akapeza mbeta amauza malume ake, amene ena amawatcha atsibweni ndipo Ayao amati mjomba, chifukwa pa mtundu wotsata kuchikazi mlongo wa mayi ndiye mwini mbumba. Malumewo, kapena munthu amene amutuma, amapita kwa malume a mtsikana kukafunsira. Mawu ake sakhala olunjika. Wobwerayo anganene kuti tambala wa kwawo waona msoti pakhomopo, ndipo eni khomo sayankha tsiku lomwelo, amati, “Tamva, koma tiyambe tamufunsa mwini wake.” Masiku amene amadutsa pakatipo ali ndi ntchito yake, chifukwa ndi pamene akuchikazi amafufuza khalidwe la mnyamatayo, ngati alibe mkazi wina kwina, komanso ngati palibe ubale wa magazi pakati pa ana awiriwo.

Tsiku la chinkhoswe ndi pamene panganolo limaonekera poyera. Mkwatibwi amatuluka atafundidwa chitenje pamodzi ndi atsikana anzake ofundidwanso chimodzimodzi, ndipo akuchimuna amayenera kuloza wawo pakati pa nthungululu ndi kuseka kwa anthu. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, kenako ankhoswe a mbali zonse amanyema nkhuku yophika kapena yootcha n'kudyera pamodzi anthu akuona. Pamabweranso zipangizo: khasu, nkhwangwa ndi chikwanje mbali imodzi, lichero, mthiko, chipande, tsache ndi mphika mbali inayo, ndipo chilichonse chimaperekedwa ndi mawu a malangizo pa za kulima, kumanga, kuphika ndi kusamalira pakhomo. Masiku ano ambiri amavekananso mphete pa mwambo womwewu, ndipo mpheteyo ndi imene yachititsa kuti achinyamata aziona chinkhoswe ngati chitomero. Koma pa chikhalidwe, ankhoswe akadziwana, navomerezana, nadya nkhuku ija, ukwati wamangidwa, ngakhale mipingo yambiri imapempha akhristu ake kuti asayambe kukhalira limodzi ukwatiwo usanadalitsidwe.

Ntchito yeniyeni ya nkhoswe imayamba anthu akabalalika. Mwana akabadwa, uthenga umadzera kwa iye. Matenda aakulu akagwa m'nyumba, iye ndiye woyamba kudziwitsidwa, ndipo maliro akachitika akuchimuna ndi akuchikazi amalankhulana kudzera mwa iye. Mkangano ukakula, mkazi kapena mwamuna amakatula nkhawa kwa nkhoswe wake, ndipo ankhoswe awiriwo amakhazika banjalo pansi. Nkhani yothetsa ukwati wa chikhalidwe ikafika ku khoti la majisitireti, ankhoswe amafunidwa kuti anene ngati ukwatiwo udalipodi ndi zimene adayesa kuti aupulumutse, ndipo makhoti a m'Malawi akhala akuona kupezeka kwa ankhoswe ngati chizindikiro chachikulu cha ukwati wa chikhalidwe m'madera otsata kuchikazi.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mabanja ambiri a m'tauni amapeputsa chinthu cholemera. Posankha nkhoswe amayang'ana wachibale amene ali ndi galimoto kapena wodziwa kulankhula pa chimkuzamawu, chonsecho munthuyo amakhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg ndipo sadzapezeka tsiku limene banjalo lidzamufune. Nkhoswe woyenera ndi wosunga chinsinsi, wofikirika, wotha kudzudzula m'bale wake yemwe akalakwa. Mwambi umati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo nkhoswe wodziwa ntchito yake amaumvetsa mwambiwu: salowa m'nyumba asanaitanidwe, ndipo akaitanidwa sakondera. Kwa mabanja ambiri a ku Makanjira, Namwera ndi kwa Katuli, kumene amuna ochuluka amapita ku South Africa kukagwira ntchito n'kukhalako zaka, nkhoswe wopezeka pamudzi ndi wofunika koposa, chifukwa nkhani za ndalama zotumizidwa, za nyumba yomangidwa ndi za ana zimafuna munthu wodalirika kwa mbali zonse ziwiri.

Banja latsopano likakhala kuti

Chinkhoswe chisanachitike payenera kumveka bwino za kumene awiriwo adzakhale. Chikamwini ndi dongosolo limene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, namanga nyumba ndi kulima pa malo a akuchikazi, ndipo ana amawerengedwa a mbumba ya mayi. Chitengwa ndi pamene mwamuna wapempha kwa akuchikazi kuti atenge mkazi kupita naye kwawo, nthawi zambiri atapereka kanthu kosonyeza ulemu; ngakhale zitero, ana sachoka m'mbumba ya mayi awo. Pa mwambo womwewu mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi wake nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti akhala akulamula amuna kukwaniritsa udindowu banja likatha. Anthu amene akukhala m'nyumba ya lendi pa Mangochi boma kapena ku Monkey Bay amaiwala msanga mfundoyi, poganiza kuti za chikamwini ndi za kumudzi, mpaka tsiku limene nkhaniyo idzatuluke pa bwalo.

Zinthu zimasiyana mnyamata kapena mtsikana akakhala wochokera kumene amalowola, monga kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde kapena Asena. Kumeneko malowolo, kaya ndi ng'ombe kaya ndalama, amachititsa kuti mkazi apite kwa mwamuna ndi kuti ana akhale a kuchimuna. Mtsikana wa Chiyao akamakwatiwa ndi mnyamata wa ku Rumphi, mbali imodzi ingaganize kuti ndalama zoperekedwazo ndi mphatso yothokoza makolo, pamene inayo ikuziwerenga ngati malowolo okhala ndi zotsatira zake zonse. Mwambo uliwonse uli ndi nzeru zake, ndipo chofunika ndi chakuti ankhoswe anene momveka, anthu akumva, mwambo umene ukwatiwo ukutsata.

Ndowa

Ndowa ndi ukwati wa Chisilamu, umene m'mabuku a chipembedzocho umatchedwa nikah. Mwambo wake ndi waufupi ndipo ungachitikire ku mzikiti kapena pakhomo. Pamafunika kuvomera kwa mkwati ndi mkwatibwi, wali, amene ndi myang'aniri wa mkazi monga bambo ake kapena m'bale wake wamwamuna wa mbali ya bambo, mboni ziwiri, ndi mahari. Mahari ndi chuma chimene mwamuna amapereka kwa mkazi amene akumukwatirayo, ndipo ndi chake cha mkaziyo payekha, chosagawana ndi makolo kapena amalume. Chingakhale ndalama kapena katundu, chingaperekedwe chonse nthawi yomweyo kapena mbali ina pambuyo pake monga mwa pangano. Shehe amawerenga ulaliki wa ukwati, amafunsa mbali zonse ndi kupempherera banjalo, ndipo pambuyo pake pamabwera walima, chakudya chimene mkwati amakonza pofuna kulengeza ukwatiwo kwa anthu.

Pakati pa Ayao, ndowa imayendera limodzi ndi mwambo wa makolo. Ankhoswe amakhala atakumana kale a shehe asanaitanidwe, motero pa ukwati umodzi pamakhala maudindo awiri: malume amene ndi mwini mbumba pa chikhalidwe, ndi bambo amene ndi wali pa chipembedzo. Mabanja amene amalongosola msanga kuti wina ayankhula pati ndipo wina ayankhula pati amapewa kukhumudwitsana pa tsikulo. Chisilamu chimalola mwamuna kukhala ndi akazi ofika anayi pa malamulo ake a chilungamo, ndipo chikhalidwe nacho chimalola mitala. Ukwati womangidwa ku boma wokha ndi umene lamulo la 2015 limanena mosabisa kuti ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, moti amene wasayina kumeneko n'kukakwatira wina wapalamula mlandu.

Ku tchalitchi ndi kwa DC

Mipingo ikuluikulu imene ili m'bomali, monga Katolika, Anglican ndi CCAP, imafuna kuti ofuna ukwati alembetse miyezi ingapo tsiku lisanafike, aphunzire za banja, ndipo mayina awo alengezedwe m'tchalitchi masabata atatu kuti wodziwa choletsa anene. Ankhoswe amafunidwanso kumeneko. Mkatolika wofuna kukwatirana ndi Msilamu amayenera kupeza chilolezo kwa bishopu, ndipo mbali ya Chisilamu ilinso ndi malamulo ake pa za kukwatirana ndi wa chipembedzo china, choncho nkhani yotere imafuna kuyambidwa msanga ndi atsogoleri a mbali zonse.

Kwa DC njira yake ndi ya mapepala. Awiriwo amapereka chidziwitso, chimene chimaikidwa poonekera masiku 21, ndipo pakapanda wotsutsa ukwatiwo umamangidwa pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la 2015 lidaperekanso mphamvu yolemba maukwati kwa atsogoleri a zipembedzo ndi mafumu aakulu, kuti ukwati wa ku mzikiti, wa ku tchalitchi kapena wa pamudzi nawonso ulowe m'kaundula. Pokonzekera ndi bwino kufunsa amene adzamange ukwatiwo ngati pepala limene adzapereke ndi lolembetsedwa ku boma kapena ndi la mpingo ndi mzikiti wokha, chifukwa mabanki, makampani a penshoni ndi maofesi a akazembe amafuna umboni wolembedwa.

Komiti, ndalama ndi perekaniperekani

Phwando ndi limene limadya ndalama zambiri, ndipo limayendetsedwa ndi komiti ya abale ndi abwenzi yokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mamembala amalonjeza zimene adzapereke, ndipo masiku ano zopereka zambiri zimadzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, zokambirana zikuchitikira pa gulu la WhatsApp. Vuto lodziwika ndi lakuti bajeti imamangidwa pa malonjezo, pamene eni holo, ophika ndi ojambula amafuna ndalama zenizeni. Mitengonso siima. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja monga nsalu, mphete ndi zokongoletsera adakwera mtengo, ndipo komiti imene imalipira msanga zinthu zikuluzikulu n'kusunga malisiti imadziteteza ku zoterezi.

Perekaniperekani ndi nthawi imene woyendetsa mwambo amaitana magulu mmodzimmodzi, akuchimuna, akuchikazi, anzake a kuntchito, a kumpingo, kuti avine akuponya ndalama m'lichero kapena m'beseni, pamene osintha ndalama akhala pa tebulo pambali kuphwanya ma K5,000 kukhala ting'onoting'ono. Kayendedwe kake n'kofanana ndi chipereganyu: zimene munthu waponya lero pa ukwati wa mwana wa mnzake amayembekeza kuti zidzabwerera tsiku la mwana wake. Ena amauyamikira mwambowu chifukwa umapatsa banja latsopano poyambira ndipo aliyense amapereka monga mwa thumba lake. Ena amadandaula kuti umatenga maola ambiri ndipo umachititsa manyazi osowa. Chimene mbali zonse zingagwirizane ndi chakuti ndalama za perekaniperekani sizidziwika mpaka zitawerengedwa, kotero kutenga ngongole ya katapila podalira ndalamazo ndi kuika banja latsopano pa chiswe.

Tsiku lisankhidwe poyang'ana nyengo ya kunyanja ndi kalendala ya zipembedzo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imawomba mwamphamvu, ndipo tenti yokhomedwa pa mchenga popanda zikhomo zakuya imazuka, nsalu za pa matebulo zikuuluka. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Mangochi kumasungunula keke ya kirimu mkwatibwi asanaigwire mpeni, ndipo madzi akumwa amatha msanga kuposa zakumwa zina zonse. Mvula ikayamba, misewu yafumbi ya kumidzi imavuta. Mwezi wa Ramadan umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho uyenera kuyang'anidwa chaka ndi chaka, Akatolika ambiri amapewa maphwando m'nyengo ya Lenti, ndipo a Seventh Day Adventist sachita ukwati Loweruka. Pa chakudya, phwando lililonse la kuno limakhala ndi alendo a Chisilamu, motero mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku zimapatsidwa kwa Msilamu kuti azinge mwa halal, kutanthauza mololedwa ndi chipembedzo chawo, ndipo ophika amauzidwiratu kuti nyama ya nkhumba isayandikire miphika. Mpunga, chambo ndi thobwa zimadyedwa ndi onse popanda funso.

Kukongola kwa tsikulo ndi kwa nyumba

Kukongoletsa ukwati ndi luso la anthu ambiri amene mayina awo satchulidwa pa chimkuzamawu. Telala amalandira chitenje chimodzi chosankhidwa ndi banja n'kusokera anthu makumi angapo, aliyense sitayilo yake, ndipo m'bwalo mumaoneka mtundu umodzi wa nsalu utavalidwa m'njira zosiyanasiyana. Ntchito imeneyi imafuna masabata, ndipo nsalu yofika mochedwa ndi imene imabala madiresi osapinda m'munsi. Akwatibwi ambiri a Chisilamu amajambulidwa hina m'manja ndi m'mapazi, maluwa ndi timizere topyapyala tochokera ku nsonga za zala kufika pa mkono, ndipo utotowo umapakidwa tsiku limodzi kapena awiri ukwati usanachitike kuti ugwire bwino n'kuderapo. Woluka tsitsi ndi wodzoza nkhope ayenera kudziwa kuti mkwatibwi akhala pa dzuwa la kunyanja, pamene zodzola zochindikala zimayenderera ndi thukuta.

Zokongoletsera zambiri zimapezeka pafupi. M'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay muli oluka mikeka, madengu, zipewa ndi mipando ya mlaza ndi nsungwi, ndipo mkeka woluka bwino woyalidwa pamene akhale akwati, madengu oikamo mphatso ndi mitsuko yadothi yoikamo maluwa zimakongoletsa bwalo pa mtengo wotsika kuposa nsalu zonyezimira zobwereka ku Blantyre. Ubwino wake wina ndi wakuti phwando likatha zinthuzi zimalowa m'nyumba ya banjalo n'kuyamba kugwira ntchito.

Za m'nyumbamo zimakonzedwa pa mwambo wa amayi umene m'tauni amautcha bridal shower, pamene mkwatibwi amalandira mapoto, mbale, mabeseni, mbaula, nsalu za pa bedi ndi makatani, komanso malangizo a poyera. Malangizo a kuchipinda, pamodzi ndi nkhani ya mikanda, amaperekedwa padera ndi anankungwi kapena alangizi a mpingo ndi a mzikiti, ndipo m'malo ambiri mkwati nayenso amalangizidwa. Ku Mangochi mndandanda wa mphatso uyenera kukumbukira neti yoteteza udzudzu, mtsuko wosungira madzi ozizira ndi nyali ya sola, zimene zimagwira ntchito usiku woyamba womwe, pamene mbale zagalasi zingakhale m'kabati chaka chonse.

Katundu ameneyu alinso ndi mbali ya lamulo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la chuma chimene awiriwo adali nacho limodzi banja likatha, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika kulanda katundu wa malemu m'gulu la milandu, n'kuika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo pa olandira. Kuti munthu apindule ndi malamulo amenewa ayenera kusonyeza kuti adalidi pa banja ndi kuti katunduyo ndi wa banjalo. Pa chifukwa chimenechi mlembi wa komiti alembe mphatso zikuluzikulu monga bedi, firiji, njinga yamoto kapena puloti, atchule wopereka ndi wopatsidwa, ndipo kope lake lisungidwe pamodzi ndi setifiketi ya ukwati, lina likhale kwa nkhoswe wa mbali iliyonse.